Ndinatsanzika Ngati Wosamuka

Amuna anga anamwalira titangomaliza kututa chimanga, nandolo asanakhwime. Tinakhala limodzi zaka zambiri kwa Kalembo, pamudzi wa kwawo, chifukwa ine ananditenga chitengwa. Kwathu kwenikweni ndi kwa Kawinga, kupitirira Ntaja. Makolo athu anachokera ku Mozambiki kalekale ndipo malo amene anapeza kumeneko ndi ochepa. Nditakwatiwa, azichemwali anga anagawana gawo langa, ndipo sindinadandaule. Nyumba yanga, munda wanga, ndi manda a ana anga awiri amene anatisiya ali aang'ono, zonse zinali kwa Kalembo. Mwana wotsala ndi mmodzi, wamwamuna, amene amawotcherera zitsulo ku Joni. Pamaliro anabwera, koma anabwerera msanga chifukwa cha ntchito.

Maliro atatha anandimeta ndipo ndinavala zakuda. Wamkulu wa amayi pamudzipo ndi alamu anga, achemwali awo a malemu. Ndi munthu wosabisa mawu. Takangana nawo kangapo za mbuzi zolowa m'munda, koma tinkagwirizananso dzuwa lisanalowe. Anthu atabalalika anabwera kudzakhala nane pakhonde.

"Alamu," anatero, "nyumbayi ndi yanu, munda ndi wanu. Palibe amene akukuthamangitsani. Zokhala pansi tidzaziona chaka chikatha."

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Sindinganame kuti sanandiuze.

Kutayamba kutentha, mwana wanga anaimba foni. Anati mkazi wake ndi woyembekezera ndipo achira mvula ikamayamba.

"Amayi, bwerani mudzatithandize. Kuno kulibe wamkulu woti atisambitsire mwana. Za pasipoti ndi basi ndikonza ine."

Kwathu kuno munthu akati akupita ku Joni, timadziwa kuti wapita. Mnyamata amanyamuka ndi kachikwama kamodzi, kenako kumabwera malata, njinga, mwina wailesi, koma mwini wake amadzaoneka patapita zaka, atanenepa kapena ali m'bokosi. Chibadwire sindinaonepo munthu wopita ku Joni n'kubwerako mwezi wotsatira. Za mapepala sitinkakamba. Ndinkadziwa kuti pali pasipoti, basi, ndipo ukakhala nayo wamaliza. Mwana wanga ankayesa kuti ndikudziwa kuti ndi ulendo wokacheza. Ine ndinayesa kuti wandiitana kuti ndikakalambire kwa iye. Sindinafunse, ndipo mwina sindinkafuna kufunsa. Nyumba inali itandikulira. Njinga ya malemu inali itatsamira khoma pomwe anaisiya, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaiona ndisanaone china chilichonse.

Pasipoti ndinakapangitsa ku Blantyre. Pojambula anandiuza kuti ndivule duku, ndipo tsitsi linali litangoyamba kumera. Chithunzi chimenecho sindikonda kuchiona.

Pasipoti itatuluka ndinapita kwa alamu kukapempha kuti andisudzule. Mwambo wake ndi wakuti mkazi wamasiye amakhalabe wa pamudzi wa mwamuna wake mpaka abale a malemu atamumasula. Akamusudzula ndiye kuti ukwati watha, akhoza kubwerera kwawo kapena kukwatiwanso. Ine ndinkaona kuti si bwino kuwoloka mayiko a eni ndili womangika, komanso kukanyamula khanda nditavala zakuda. Ndinawapeza akusola nandolo pabwalo.

"Mwati chiyani?" anafunsa, osasiya kusola.

"Ndati mundisudzule, alamu. Mwana wandiitana."

"Ngakhale mvula imodzi sinagwe pamanda a mchimwene wanga, inu mwayamba kale kumanga katundu?"

"Si kufuna kwanga. Mpongozi ali yekha kumeneko."

"Pitani mukamusambitse mwanayo, mubwere. Kusudzula kukulowa bwanji pamenepa?"

"Ku Joni sabwerako msanga, alamu. Inunso mukudziwa."

Anasiya kusola. "Kapena kwapezeka mdala wina kumeneko? Nenani, tikadye nawo mpunga."

Adzukulu awo anaseka. Ine ndinawerama, koma sindinasinthe mawu. Ndinabwereranso kawiri ndi pempho lomwelo mpaka anavomera.

Achimwene anga, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu, anabwera kuchokera kwa Kawinga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, mbali iyi ife, mbali iyo iwo. Amalume awo a malemu, munthu wokalamba wosamva bwino, ndi amene analankhula. Anaika kandalama kachitsulo m'mbale n'kukankhira kwa achimwene.

"Mayi awa anatisungira m'bale wathu mpaka tsiku lomaliza. Tilibe nawo chifukwa. Lero tawamasula. Akafuna kupita, apite. Akafuna kukwatiwa, akwatiwe."

Achimwene anawomba m'manja. Ine ndinatenga kandalamako n'kukamanga pa ngodya ya chitenje. Madzulo ake ndinavula zakuda.

Kenako ndinayamba kugawa zinthu. Munda ndinali nditaunga kale mizere yonse, ungodikira mvula. Ndinaupereka kwa mwana wamkazi wa alamu, amene anali atangokwatiwa kumene, pamodzi ndi mbewu imene ndinasunga ku denga la khitchini. Nyumba ndinawauza kuti alowemo, isagwe ndi chiswe. Njinga ndinapatsa mkamwini wawoyo. Nkhuku ndinagawira amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi, imodziimodzi. Mtondo unapita uku, mtsuko uko. Khasu langa, limene mpini wake unali utasalala motsata dzanja langa, ndinalisiya pakhomo pa alamu. Iwo anangolilowetsa m'nyumba.

Lamulungu lomaliza amayi a mphakati anandikonzera mwambo wotsanzikana. Anaimba, anandiveka chitenje chatsopano, ena analira. Anandipempha kuti ndilankhule, ndipo ndinaimirira.

"Abale anga, ine ndikupita. Sindikudziwa ngati tidzaonanenso pansi pano. Mukadzamva kuti ndatsogola, mudzandipempherere. Amene ndinamulakwira andikhululukire."

Anthu anasisima. Mayi wina amene timakhala benchi limodzi anandinong'oneza kuti, "Mukakhazikika, munditumizire bulangeti lija la kambuku." Wina anapempha foni, wina nsapato za mwana. Onse ndinawavomera. Mawu amene ndinalankhula tsiku limenelo ndi amene amandiwotcha mpaka lero.

M'basi ndinakhala pafupi ndi mayi wina wonenepa, wa geni, amene amapita ku Joni pafupipafupi kukagula zovala ndi ziwiya. Anandithandiza pa zipata zonse, kundionetsa poima ndi zoyankha. Pa chipata chomaliza, cholowera ku Joni kwenikweniko, tinaima pamzere wautali. Wa pawindo anandifunsa kumene ndikupita, mayi uja anandiyankhira, ndipo anadinda. Titabwerera m'basi ndinali wosangalala, ndinamasula chinangwa changa kuti tidye. Mayi uja anatenga pasipoti yanga n'kuitsegula.

"Mwayi wanu, akupatsani mwezi wathunthu. Ena amawadulira. Tsiku lotulukira ndi ili alemba apali, musaliphonye."

"Lotulukira kuti?"

"Kubwerera kumudzi, nanga kuti?"

"Iyayi, ine sindikubwerera. Ndikukakhala kwa mwana wanga."

Anasiya kutafuna. "Mayi, kodi anakumatirani pepala lina m'bukumu musananyamuke?"

"Pepala lanji?"

Anatsegula masamba onse, anali oyera. Anapukusa mutu n'kuyamba kundifotokozera ngati akuphunzitsa mwana. Anati kulowa m'dziko la eni kuli mitundumitundu. Alipo amene amapita kukaphunzira, ndipo amenewo amapempha chilolezo chawo sukulu itawalandira kale, n'kukhala mpaka maphunziro atatha. Alipo a ntchito, amene pepala lawo limavuta kupeza ndipo nalonso limatha, n'kumakalipemphanso. Ndiye pali ife a chidindo chokha.

"Ife ndife alendo, mayi. Timaloledwa kucheza, osati kugwira ntchito, osati kukhazikika. Mlendo ndi mame. Madeti akatha, nyamukani."

"Nanga anyamata a kwathu aja amakhala zaka bwanji?"

Anaseka mpaka anthu a kutsogolo anacheuka. "Ambiri mwa ajawo amakhala mobisala. Akaona galimoto ya polisi amathamanga kuposa gwape. Inu ndi maondo amenewa mungathamange?"

Chinangwa chija ndinachibwezera m'chikwama. Ulendo wonse wotsalawo sindinaone kunja. Ndinkangoona mizere yanga, nkhuku zanga, ndi ine nditaimirira pakati pa amayi a mphakati ndikunena kuti sitidzaonananso pansi pano.

Mpongozi anachira bwino, mwana wamkazi. Ndinamusambitsa, ndinamusamala mpaka mchombo unagwa, ndinamuphikira mayi wake phala monga timachitira kwathu. Masiku amenewo anali okoma, koma mumtima munali mwala. Sabata yachiwiri ndinamuuza mwana wanga zonse. Anakhala pansi n'kugwira mutu.

"Amayi, mwatani? Mwasudzulidwa? Bwanji osandifunsa?"

"Iwe unati ndibwere."

"Ndinati mubwere mudzatithandize! Nyumba ya bambo mwapereka?"

Mpongozi, mwana wabwino, anati ndingokhala. Anati alipo madalaivala a basi amene amatenga mapasipoti a anthu n'kukawadinditsa kuchipata mwini wake ali m'nyumba. Mwana wanga anakana. Pepala lake la ntchito linali pafupi kutha ndipo ankayembekezera kukapempha lina. Ankaopa kuti m'nyumba mwake mukapezeka zachinyengo, ataya zonse. Anati mapepala oti kholo likhale nthawi yaitali alipo, koma ndi ovuta, ndipo iye analibe mphamvu zake. Polankhula sankandiyang'ana kumaso.

Pa mpanda pomwe amakhala mwana wangayo pankakhalanso mayi wina wa kwathu konkuno amene madeti ake anatha kalekale. Sankapita ngakhale kogula ndiwo osayamba wasuzumira pageti. Mayi ake anamwalira kumudzi iye osapita, poopa kuti akatuluka sadzamulolanso kulowa. Nditamuona ndinadziwa kuti moyo umenewo sindingauthe. Chibadwire sindinathawepo wapolisi. Ndinauza mwana wanga kuti andigulire tikiti masiku asanathe.

Ndinafika pa Liwonde masana, mvula ya tsikulo itangokata. Makondakitala ankakuwa, ena "Ntaja, Ntaja!" ena "Ulongwe, Mangochi!" Kwa Kalembo ndi njira ya ku Ulongwe. Ndinaima ndi chikwama changa mpaka minibasi ziwiri za ku Ulongwe zinadzaza n'kunyamuka. Kenako ndinakwera ya ku Ntaja.

Kwa Kawinga achemwali anga anandilandira bwino, sanandifunse zambiri. Ndinkagona ndi adzukulu awo pamphasa imodzi. Koma inali nyengo ya njala, chimanga chakale chitatha, chatsopano chisanache. Ndinkaona mmene ankapimira ufa, ndi mmene iwo ankanenera kuti akhuta mbale isanathe. Achimwene anabwera kudzandiona.

"Mlongo, pamwambo kwanu ndi kuno, palibe angakukanizeni. Koma malo mukuwaona nokha. Ndikupatsani pati polima? Padenga?"

"Ndamva, achimwene."

"Ine ndinawomba m'manja pamaso pa anthu aja. Ndikayambenso bwanji kukapempha?"

"Simupita ndinu. Ndipita ndekha."

Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkaganiza za manda aja, kuti dothi latitimira ndipo udzu wamera, ine osaona. Ana anga awiri ali komweko, bambo awo ali komweko. Ndinanyamuka m'mawa wina.

Nditatsika pa Ulongwe sindinakwere kabaza, poopa kuti wopalasa akandizindikira nkhani ifika ine ndisanafike. Ndinayenda wapansi, kudzera njira ya kuseri kwa minda. Koma njira imeneyo imadutsa pamjigo, ndipo ndinali nditaiwala kuti nthawi imeneyo amayi amakhala akutunga. Woyamba kundiona anali mayi wa benchi uja. Anatula ndowa.

"Ee! Si mzukwa uwu? A Joni afika!"

Onse anatembenuka.

"Nanga si munati tidzaonana kumwamba? Kapena kumwamba kwake ndi pamjigo pano?"

"Bulangeti langa lili m'kachikwamako? Lachepa bwanji?"

"Akuthamangitsani?" anafunsa wina, motsitsa mawu.

"Iyayi, sanandithamangitse. Masiku anatha."

Sanamve chimene ndinkatanthauza, ndipo ndinalibe mphamvu yofotokoza. M'chikwama munali sopo ndi shuga pang'ono zimene mpongozi anandipatsa. Ndinadutsa nditayang'ana pansi. Chitenje chimene ndinavala chinali chomwe chija anandiveka potsanzikana.

Alamu sanali pakhomo. Ndinawapeza m'munda wanga uja, akupalira limodzi ndi mwana wawo. Chimanga chinali chofika m'maondo, chobiriwira bwino pa mizere imene ndinaunga ndi manja anga. Khasu limene linali m'manja mwawo ndinalizindikira ndili patali. Mtsikana uja atandiona anathamanga kudzandilandira chikwama, koma nkhope yake inaonetsa mantha. Ankaganiza za nyumba. Alamu anawongoka pang'onopang'ono n'kutsamira khasu.

Ndinagwada m'matope momwemo, pakati pa mizere. Ndinamasula ngodya ya chitenje, ndinatulutsa kandalama kaja n'kukaika pa chikhatho.

"Alamu, ndabweza."

"Mwabweza chiyani?"

"Ndinalakwitsa. Sindinadziwe."

"Bwezerani pomwe kanali," anatero. "Zimenezo sizibwerera. Amalume analankhula anthu akumva. Mukufuna ndikawauze kuti ameze mawu awo?"

Kandalamako ndinakamanganso pa ngodya ya chitenje.

"Mdala uja wakukanani?"

"Kunalibe mdala, alamu. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Nanga chachitika n'chiyani? Mwana wa mchimwene wanga uja wakuthamangitsani?"

Ndinawafotokozera za chidindo, monga anandifotokozera mayi wa m'basi uja. Kuti alipo a sukulu, alipo a ntchito, ndipo ine ndinali wa kucheza chabe. Kuti anandipatsa mwezi umodzi, ndipo zimenezi ndinazimva ndili kale m'dziko la eni, zonse nditagawa.

Alamu anandiyang'ana, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka anakhala pansi pa mzere n'kuthyola chimanga chimodzi.

"Mayo ine! Mwezi umodzi! Nkhuku zonse zija! Ndi misozi tinalira ija!" Anapukuta m'maso ndi chitenje. "Ine ndinati chiyani pabwalo paja? Ndinati pitani mukasambitse mwana mubwere. Ine wosaphunzira ndinanena zomwe boma la ku Joni linanena."

"Munanena, alamu."

"Ndiye eni ake anakupatsani mwezi. Nanga ife tikudindireni masiku angati?"

Pamenepo ndinalira. Chimwalirire amuna anga sindinalirepo choncho. Alamu anasiya kuseka. Anadikira mpaka nditatonthola, ndipo polankhulanso mawu awo anali ena.

"Tamverani. M'nyumba muja muli banja. Sindingatulutse mwana ndi mwamuna wake mvula ili pakati, munawapatsa nokha. Mbewu iyi abzala ndi iwo, feteleza athira ndi iwo. Koma kakhitchini ka mchimwene wanga kalipo. Kakudontha mbali imodzi, mkamwini afolera mawa. Mundawu, kuyambira pa chulu apo kutsika kumunsi, tinene kuti ndi wanu." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Wamva iwe?"

"Ndamva, amayi."

"Koma alamu, ine ndinasudzulidwa. Anthu adzati ndikukhala ngati ndani?"

"Adzati ndinu mayi wa mwana wa mchimwene wanga. Chimenecho amalume sanasudzule." Anaimirira n'kundiponyera khasu patsogolo. "Tengani chinthu chanuchi, chandipweteketsa dzanja. Ndipo mizere yanu ndi yokhota ngati njoka. Palirani nokha."

Ndinapalira mpaka dzuwa linapendeka, ndi zovala za paulendo zomwezo. Tikuweruka tonse awiri tinadzera kumanda. Dothi linali litatitimiradi, koma udzu panalibe. Alamu anali atazula.

Lamulungu lotsatira ndinakhala benchi la kumbuyo. Pa mphakati palibe anatchula za mawu anga aja, ndipo kusatchulako kunandipweteka kuposa kuseka kwa pamjigo. Mayi mmodzi anandibwezera nkhuku imene ndinamupatsa, itaswa kale anapiye. Ena sanabweze, ndipo sindinafunse. Mtondo wanga ndimakabwereka kwa amene ndinamupatsa.

Ndikukhalabe m'kakhitchini kaja, tinakawonjezera chipinda. Ndikamadutsa pakhomo pa nyumba imene tinamanga ndi amuna anga ndimaodira ngati mlendo. Dzina loti a Joni silinachoke, ngakhale ana aang'ono amandiitana choncho osadziwa chiyambi chake. Ndimavomera.

Chaka chatha mwana wanga anandiitananso, mdzukulu wachiwiri atabadwa. Ndinamufunsa kawiri kuti ndikakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo ndinamuuza kuti abwereze alamu akumva. Sindinatsanzike kutchalitchi. Nkhuku ndinasiya m'khola, kiyi ndinapatsa alamu, khasu ndinaliimika kuseri kwa chitseko.